Anatiuza kale mathero ake, ife ndi amene sitinamve

Pali anthu amene ukangoyamba kuwafotokozera nkhani amatseka makutu, ati usandiuze mathero undionongera. Ndimawamvetsa, koma zikafika pa nkhani zifupizifupi zakale zija zimene anthu akhala akuwerenga mibadwomibadwo ine sindigwirizana nawo, chifukwa nkhani imene imatha mphamvu munthu akangodziwa mmene ithere ndiye kuti mphamvuyo inalibe kuyambira pachiyambi pomwe. Nde dziwiranitu kuti nkhani zonse zimene ndizitchule pano ndiulula mathero ake, ndipo ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti mukakaziwerenga mukaona zambiri kuposa munthu amene wazilowa osadziwa kanthu.

Tiyambe ndi Guy de Maupassant wa ku France ndi nkhani yake ya mkanda ija, La Parure, imene inatuluka mu nyuzipepala ya Le Gaulois mu 1884. Mathilde Loisel ndi mkazi wokongola, wokwatiwa ndi kalaliki wamba wa ku unduna wa zamaphunziro ku Paris, ndipo tsiku ndi tsiku mtima umamuwawa akaona makoma osasangalatsa a nyumba yake ndi mipando yakutha, amadziona ngati munthu amene anabadwira m'banja lolakwika. Tsiku lina bambo abwera ndi kalata yowaitanira ku phwando la nduna, akuganiza kuti mayi adumpha ndi chimwemwe, mayi ayamba kulira kuti alibe chovala. Bamboyo apereka ma franc 400 amene amasungira mfuti yosakira mbalame. Diresi lagulidwa koma pakhosi palibe kanthu, nde Mathilde apita kwa mnzake wolemera, Madame Forestier, kukabwereka mkanda wa dayamondi. Ku phwando kuja anawala kuposa akazi onse, anavina mpaka cha m'ma 4 koloko m'mawa, koma atafika kunyumba n'kuima pa galasi kuti adzionenso komaliza, pakhosi palibe kanthu. Mkanda wasowa.

M'malo mokanena zoona, alembera mnzake uja kalata yoti chomangira mkanda chathyoka akukonzetsa, kuti apeze nthawi. Apeza wofanana nawo mu sitolo ina ya ku Palais-Royal, mtengo wake 40,000 koma awatsitsira kufika 36,000. Bambo anali ndi 18,000 imene atate ake anamusiyira, yotsalayo ngongole zokhazokha, zina kwa anthu akatapira. Zaka 10 akubweza. Wantchito anamuchotsa, anasamukira m'kachipinda ka pamwamba pafupi ndi denga, Mathilde akuchapa, akutsuka mbale mpaka zikhadabo kutha, akutunga madzi kukwera nawo masitepe, bambo usiku akukopera anthu zolemba kuti apeze kangachepe. Ngongole itatha akumana ndi Madame Forestier pa Champs-Élysées tsiku Lamulungu, mnzakeyo samuzindikira n'komwe chifukwa wakalamba msanga, Mathilde amuuza zonse, ndipo Madame Forestier amugwira manja onse awiri n'kumuuza kuti mkanda uja unali wafeki, ukanakwera bwanji sukanaposa ma franc 500. Nkhani yathera pomwepo.

Ambiri amakumbukira mzere womalizawo basi. Koma bwererani m'mbuyo muone mmene Maupassant anayalira kalozera wake, tizizindikiro tija timene timalozeratu mmene nkhani ithere. Mathilde atapempha mkanda uja ali ndi mantha kuti amukaniza, mnzakeyo anangovomera pompopompo, osaganizako n'komwe, osanena kuti usamale nawo. Munthu angabwereketse choncho chinthu cha mtengo wa nyumba? Kenako atautaya anatenga bokosi lake n'kupita kwa wogulitsa zodzikongoletsera amene dzina lake linalembedwa m'bokosimo, bamboyo anayang'ana m'mabuku ake n'kunena kuti mkandawo sanagulitse iye, iye ayenera kuti anangogulitsa bokosi lokha. Tangoganizani, mayi wolemera wagula bokosi lopanda kanthu ku sitolo yodula, mkanda wakagula kwina, bwanji? Yankho lili poyera penipeni apo, koma ife owerenga nthawi imeneyo mitima ili m'mwamba limodzi ndi banja lija, tikuthamanga nawo sitolo ndi sitolo, tilibe mpata woima n'kufunsa. Ndipo tsiku lobweza Madame Forestier sanatsegule n'komwe bokosilo, anangodandaula kuti wachedwa nalo. Mathilde anapumira m'mwamba kuti sanagwidwe, ifenso tinapuma naye, pomwe apa ndi pamene timayenera kudabwa.

Ichi ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mlembi sanatibisire kanthu, anangodziwa kumene maso athu adzakhale akuyang'ana. Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia, anasiya langizo lotchuka lija m'kalata ina ya mu 1889, loti usaike mfuti yodzaza zipolopolo pa siteji ngati palibe amene adzaiwombe, ndipo anthu amalitenga ngati lamulo loti chilichonse chimene waonetsa chizigwira ntchito. Ndi zoona. Koma mbali inayo ndi imene imavuta kwambiri: mfutiyo iyenera kuoneka bwinobwino koma wowerenga aione ngati katundu wamba wa m'nyumba. Ukaiwalitsa kwambiri aliyense adziwiratu, ukaibisa kwambiri mathero aoneka ngati agwa kuchokera kumwamba.

Tsono msemphano wa mu nkhani ya mkandayi, chimene a literature amati irony, kusemphana kwa zimene munthu akuyembekeza ndi zimene zikuchitikadi, si wakuti mkanda unali wafeki basi. Ukanakhala umenewo wokha bwenzi ili nthabwala yankhanza chabe. Chimene chimawawa ndi chakuti mkazi amene amakhulupirira kuti anabadwira moyo wa anthu apamwamba sanathe kusiyanitsa dayamondi ndi galasi, ndipo anthu apamwamba omwewo amene amawasirira amavala zafeki opanda nazo manyazi. Anaopa kuoneka wosauka usiku umodzi wokha, mapeto ake anakhala wosauka weniweni zaka 10. Ndiye pali kanthu kena kamene kamandikhudza nthawi zonse, pamene akuulula kwa mnzake uja Maupassant akuti Mathilde anamwetulira monyadira, ndi chimwemwe chonga cha mwana. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ali ndi chinthu chenicheni chonyadira, anagwira ntchito, anabweza ngongole mpaka kobiri lomaliza, ndipo ndi nthawi yomweyo imene auzidwa kuti zonsezo zinali zosafunika. Kaya Madame Forestier anabweza mkanda weniweni uja kaya ayi, Maupassant sananene, ndipo anachita bwino osanena.

O. Henry wa ku America, dzina lake lenileni William Sydney Porter, ndiye anatchuka kwambiri ndi mathero otembenuka. The Gift of the Magi ya mu 1905 pafupifupi aliyense amaidziwa: Della ali ndi $1.87 yokha ndipo mawa ndi Khirisimasi, agulitsa tsitsi lake lalitali pa $20 n'kugula tcheni cha wotchi ya golide ya mwamuna wake Jim, pomwe Jim wagulitsa wotchiyo kuti agule zipeso zodula zimene Della amazisirira pa windo la sitolo. Nkhaniyi ndimaikonda, msemphano wake ndi wofewa, aliyense wataya chimene mphatso ya mnzake imafunikira koma chikondi chaonekera poyera. Kalozera wake ndi wachilungamo, poti pachiyambi pomwe tauzidwa kuti m'nyumbamo muli zinthu ziwiri zokha zonyaditsa, tsitsi ndi wotchi, nde chimodzi chikapita mtima umayamba kale kuda nkhawa ndi chinacho. Pamene ndimasiyana naye ndi pa ndime yomaliza, pamene O. Henry akuima n'kuyamba kutifotokozera kuti awiriwa ndi anzeru kuposa onse opereka mphatso. Tinali titamva kale pamene Jim anangokhala pansi n'kunena kuti mphatsozo azisunge kaye. Maupassant anakhulupirira wowerenga wake n'kukhala chete, O. Henry anafuna kutigwira dzanja mpaka pakhomo.

Tsopano nkhani yogwira mtima, imene pa Chingerezi amati suspense. Anthu ambiri amaganiza kuti imabwera chifukwa chosadziwa, koma nthawi zambiri imabwera chifukwa chodziwa. Alfred Hitchcock, ngakhale anali wa mafilimu, anafotokoza bwino zimenezi pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962. Anthu awiri akucheza patebulo, mwadzidzidzi bomba laphulika, oonera adzidzimuka kwa masekondi 15 basi zatha. Koma muwaonetse oonerawo kuti pansi pa tebulo pali bomba ndipo liphulika 1 koloko, pakhoma pali wotchi, ndiye macheza wamba omwe aja asanduka mphindi 15 zoti munthu sangakhazikike pampando.

Edgar Allan Poe anachita zimenezi kalekale mu The Cask of Amontillado ya mu 1846. Ndime yoyamba yomwe Montresor akutiuza kuti Fortunato anamunyoza ndipo iye analumbira kubwezera, komanso kubwezera kwake kukhale koti asagwidwe. Palibe chinsinsi. Chimene sitikudziwa ndi njira yake ndi nthawi yake basi. Ndi nyengo ya chisangalalo cha carnival ku Italy, Fortunato waledzera, wavala zovala za wanthabwala ndi chipewa cha timabelu, ndipo amadzitama kuti vinyo amamudziwa. Montresor amuuza kuti wagula mbiya ya vinyo wa Amontillado koma akukayika ngati ndi weniweni, nde apita kukafunsa munthu wina dzina lake Luchesi. Basi, nyambo yake ndi imeneyo, Fortunato sangalole kuti katswiri akhale wina. Atsikira kumanda a pansi pa nyumba ya Montresor kumene amasungirako vinyo, ndipo njira yonse Montresor akumuchonderera kuti tibwerere, kuno kukuzizira, chifuwa chanucho chikula. Fortunato akutsokomola mpaka kulephera kuyankhula, kenako akuti chifuwa chokha sichingamuphe, Montresor n'kuvomereza kuti zoonadi. Amwa vinyo panjira, Fortunato akumwera akufa amene agona mowazungulira, Montresor akumwera moyo wautali wa mnzakeyo. Fortunato apanga chizindikiro cha gulu lachinsinsi la a Freemason n'kufunsa ngati mnzake ali m'gululo, Montresor atulutsa chipande chomangira nyumba m'chovala chake ngati umboni, poti mawu akuti mason amatanthauzanso womanga nyumba, Fortunato angoti ukuseka iwe, tiye.

Mawu alionse apa ali ndi matanthauzo awiri, lina la Fortunato lina lathu, ndipo ife tili ngati munthu amene akuona mwana akuyandikira moto ali patali poti sangamugwire. Pamapeto amumangirira ndi unyolo m'kamphako ka pakhoma n'kuyamba kuwaka miyala mzere ndi mzere, kuledzera kukutha, kukuwa, kenako kuseka kofuna kukhulupirira kuti ndi masewera, kenako timabelu tokha. Ndipo Montresor akutiuza zonsezi patatha zaka 50. Chipongwe chimene Fortunato anachita sititchuliridwa mpaka nkhani kutha, nde umatsala ukudzifunsa ngati chinalipo n'komwe. Poe yemweyu analemba mu 1842, pounika nkhani za Nathaniel Hawthorne, kuti nkhani yaifupi iziwerengedwa nthawi imodzi osaimika ndipo mawu alionse azikokera ku cholinga chimodzi, ndipo mu nkhani iyi anachitadi zimene ankalalikira. Ngakhale antchito a m'nyumba anawaganizira, Montresor anawalamula kuti asachoke pakhomo podziwa kuti akangotembenuka onse athawira ku chisangalalo.

Koma ngati pali nkhani imene zinthu zitatu zonsezi, kalozera, msemphano ndi kugwira mtima, zimakumana mpaka kusowa polekanitsa, kwa ine ndi The Monkey's Paw ya W. W. Jacobs wa ku England, ya mu 1902. Banja la a White, bambo, mayi ndi mwana wawo wamkulu Herbert, alandira mlendo, msilikali Morris amene wakhala zaka zambiri ku India. Ali ndi dzanja louma la nyani limene akuti limapatsa anthu atatu zofuna zitatuzitatu. Akuti munthu woyamba chofuna chake chachitatu chinali imfa. Morris aliponya pamoto, bambo White alitola. Chenjezo loposa pamenepa kulibe, koma banjalo likuseka. Herbert ndi amene apereka ganizo loti apemphe £200 yomalizira ngongole ya nyumba, bambo apempha, palibe chachitika, Herbert n'kunena moseka kuti ndalamayo sakuiona ndipo akubetcha kuti sadzaiona. Ukawerenga kachiwiri mzere umenewu umabaya, chifukwa mawa lake Herbert agwidwa ndi makina ku ntchito n'kufa, ndipo kampani itumiza munthu kudzapepesa ndi ndalama, £200 ndendende. Taonaninso mmene munthuyo akubwerera, mayi akumuona pa windo akudutsa pageti katatu osalowa, wavala bwino, mayi akuganiza za ndalama ija n'kuvula epuloni msangamsanga kuibisa pansi pa khushoni. Ife tikudziwa kale kuti munthu wobweretsa uthenga wabwino sazengereza pageti.

Patapita masiku 10 chimwalirire mwanayo, mayi akumbukira usiku kuti zofuna zatsala ziwiri, akakamiza bambo kuti apemphe mwana abwerere. Bambo akuyesa kumuuza kuti mtembo uja anauzindikira ndi zovala zokha. Apemphabe. Palibe chachitika, kandulo yazima, agona. Kenako kugogoda pachitseko, pang'onopang'ono koyamba, ndipo mayi akumbukira kuti kumanda ndi mtunda wa mamailosi awiri, n'chifukwa chake zachedwa. Kachinthu kameneka ka mamailosi awiri ndi kamene kamandiimitsa tsitsi, chifukwa kakukakamiza kuganiza za chinthu chimene chakhala chikuyenda mu mdima nthawi yonse imene iwe umaganiza kuti palibe chikuchitika. Mayi athamangira kuchitseko koma loko wa pamwamba sakumufikira, akukoka mpando, bambo ali m'chipinda akukwawa pansi kufufuza dzanja lija, kugogoda kukukulirakulira, ndipo alipeza nthawi yomwe loko akutseguka. Chitseko chitseguka, kunja kulibe munthu. Jacobs sanationetse chimene chinali pakhomopo, sanatiuzenso mawu a chofuna chachitatu, koma palibe wowerenga amene sadziwa kuti bambo anapempha chani, poti tinauzidwa kale za munthu woyamba uja.

Kate Chopin yekha anakwanitsa zonsezi m'masamba ochepa kwambiri. The Story of an Hour inatuluka mu magazini ya Vogue mu 1894, ndipo chiganizo choyamba chikutiuza kuti Louise Mallard ali ndi vuto la mtima. Auzidwa kuti mwamuna wake wafa pa ngozi ya sitima ya pamtunda, alira, adzitsekera m'chipinda, ndipo ali yekha mmenemo azindikira chinthu chimene akuchita nacho mantha kuchivomereza, kuti akumva kumasuka, kuti zaka zikubwerazi zikhala zake. Mchemwali wake ali pakhomo akumuchonderera kuti atsegule adzidwalitsa ndi chisoni. Atsika masitepe, chitseko chitseguka, mwamuna uja alowa wamoyo, sanali n'komwe pafupi ndi ngoziyo. Louise agwa n'kufa, madokotala ati wafa ndi chimwemwe. Ife tokha ndi amene tinali naye m'chipinda muja.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikawerenga nkhani zimene mlembi wake waganiza kuti kudabwitsa ndi kunamiza n'chimodzimodzi. Masamba 10 tikuvutika ndi munthu, kumapeto akuti anadzidzimuka anali maloto. Kapena wakupha uja ndi munthu amene sanatchulidwepo paliponse, wangotulukira pa tsamba lomaliza. Zoterozo wowerenga amadzimva kuti waberedwa nthawi, ndipo sabwereranso. Mathero abwino amakudzidzimutsa kenako pompo umati eya, zikanatha bwanjinso kupanda chonchi, ndipo dzanja limapita lokha kutsegula tsamba loyamba.

Shirley Jackson ndiye anafika nazo patali zedi. The Lottery inatuluka mu The New Yorker pa 26 June 1948. M'mawa wa pa 27 June, dzuwa likuwala bwino, maluwa achita kuti mbuu, anthu pafupifupi 300 a m'mudzi wina waung'ono akusonkhana pabwalo kudzachita maere a chaka ndi chaka, ndipo akufuna zithe msanga akadye nkhomaliro. Ndime yachiwiri yomwe ana aamuna akutola miyala, Bobby Martin wadzaza kale matumba, anzake akusankha yosalala ndi yobulungira, ena aunjika mulu pakona n'kumaulondera. Palibe amene amaima pamenepo powerenga koyamba, ana ndi miyala, chachilendo n'chani. Azibambo aima patali ndi mulu wa miyalawo, nthabwala zawo n'zapansipansi, akumwetulira osaseka. Bokosi lakuda likabwera anthu akusiya mpata pakati pa iwo ndi bokosilo. Tessie Hutchinson afika mochedwa akupukuta manja pa epuloni, akuseka kuti anaiwala tsiku, ndipo ndi yemweyo amene akuuza mwamuna wake mwanthabwala kuti pitani mukatole. Mkulu wina, Warner, akunyadira kuti aka ndi ka 77 kuchita nawo maerewa ndipo akunyoza midzi imene ikufuna kusiya. Banja la Hutchinson likagweredwa Tessie ayamba kukuwa kuti sizinayende mwachilungamo, ndipo apa ndi pamene wowerenga amazindikira kuti palibe amene akufuna kuwina. Kapepala ka kadontho kakuda kagwera iye, anthu atola miyala ija, wina apatsa ngakhale kamwana kake Davy timiyala tingapo.

Mawu a mlembi sasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akufotokoza kuphedwa kwa munthu ndi mawu omwewo amene anafotokozera nyengo, ndipo msemphano wonse wagona pamenepo. Owerenga a nthawi imeneyo anakwiya koopsa, ena anasiya kugula magaziniyo, makalata anabwera ambirimbiri. Jackson anadzanena pambuyo pake kuti mwa makalata oposa 300 amene analandira chilimwe chimenecho, 13 okha ndi amene anamulembera mokoma mtima, ndipo ambiri mwa amenewo anali a anzake. Ananenanso kuti makalata oyambirira sankafunsa kwambiri tanthauzo la nkhaniyo, anthu ankafuna kudziwa kuti maere amenewa amachitikira kuti ndipo ngati munthu angathe kupita kukaonerera.